Sefuliya ya Apongozi ndi Alamu Ouma a ku Joni

Nyumba imene timachita lendi kuno ku Mangochi boma inamangidwa ndi munthu wokonda makoma. Njerwa zootcha, pulasitala wokhuthala, kolido yaitali yopapatiza, denga la malata lopanda siling'i. Okutobala akafika malatawo amatiphika tonse mofanana, koma pa nkhani ya intaneti nyumbayi ili ndi tsankho. Netiweki yochokera pa nsanja imalowera pa kawindo kamodzi kokha, ka m'kachipinda kosungiramo chimanga ndi usipa wouma, kumapeto kwenikweni kwa kolido. Ndiye rauta yathu, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, imakhala kumeneko, pa shelefu, pakati pa matumba, ndipo kuchokera komweko imayenera kutumiza WiFi mpaka pabalaza pamene timakhala anthufe.

Imatumizadi, koma mwa nzeru zake. Pa sofa yathu ya anthu atatu, wokhala kumanzere ankaonera mpira pa foni mosadodoma. Wapakati ankangoona kaja kozungulira kakuzungulira. Wakumanja zinkatengera ngati chitseko cha kukhitchini chili chotsegula kapena ayi. Mwana wathu woyamba anatulukira yekha kuti akagona chagada pa simenti, foni ili pamwamba pa mphuno, uthenga umapita, koma akaitsitsira pachifuwa umakana. Mayi a kunyumba ankati ndi mizimu ya eni nyumba. Ine, pokhala mphunzitsi wa sitandade 7 amene ndimagwiranso phunziro la sayansi, ndinkati vuto ndi kampani ya mafoni, ndipo ndinkaidzudzula madzulo aliwonse ndisanadye.

Tikanapitiriza kukhala choncho pakanapanda alamu anga a ku Joni. Kuno banja lililonse lili ndi wake ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo lathu lili ndi mchimwene wa mayi a kunyumba. Tsiku lina anaimba kuti apeza mkazi, Mmalawi mnzathu wa komweko, ndipo akufuna kumuonetsa kwa makolo pa vidiyo nkhani isanapite kwa ankhoswe. Kumudzi kwa Nankumba, pamene amakhala apongozi, foni imagwira munthu akakwera pachulu, choncho banja linagwirizana kuti onse abwere ku boma, "kwa aphunzitsi, kuli intaneti ya m'nyumba." Apongozi aakazi, amalume a mayi a kunyumba amene ndi eni mbumba, azakhali, mayi aang'ono, onse. Ndinavomera mokweza mawu. Mkamwini mpata wotchuka saupeza kawirikawiri.

Nditagona usiku ndinakumbukira sofa ija. Kutacha ndinaitana mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za magetsi ndi mawailesi pa sukulu ina ya ntchito zamanja. Anabwera ndi foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera mphamvu ya WiFi, n'kuyamba kuyendayenda pabalaza atawerama. Manambala a pulogalamuyo ndi okhota: amayamba ndi chizindikiro chochotsera, moti -50 ndi wabwino kuposa -80. Pa dzanja la sofa anapeza -62. Anasuntha foniyo pang'ono, kutalika kwa chala changa chamkombaphala, n'kupeza -80.

"Amalume, nambala ikatsika ndi 3 ndiye kuti mphamvu yatsala theka. Ikatsika ndi 10, yatsala gawo limodzi mwa magawo 10. Ikatsika ndi 20, limodzi mwa 100. Apa mwataya pafupifupi yonse chifukwa chosuntha chala chimodzi."

"Ndi kampani imeneyo," ndinatero.

"Kampani yathera pa windo lija. Kuchokera pa rauta kufika pano ndi nyumba yanu."

Anandikhazika pansi, ine mphunzitsi, n'kundiphunzitsa. WiFi ya rauta ngati yanga imayenda pa 2.4 GHz, kutanthauza kuti mafunde ake amagwedezeka maulendo 2.4 biliyoni pa sekondi, ndipo funde lililonse ndi lotalika pafupifupi masentimita 12.5. Kanyanga ka pa rauta kamamwaza mafundewo mozungulira. Ena amatsata kolido molunjika. Ena amakwera, n'kugunda malata, n'kutsikira pabalaza atadumpha makoma, poti siling'i palibe. Ena amanjanja pa firiji, pa chitseko chachitsulo, pa zitsulo za pawindo. Onsewo amakafika pa foni imodzi, koma atayenda mitunda yosiyana. Pamene nsonga ya funde lina yakumana ndi nsonga ya linzake, mphamvu zimaphatikizana. Pamene nsonga yakumana ndi chigwa, zimafafanizana, foni n'kutsala ndi njala. Ndipo popeza theka la funde ndi masentimita 6 okha, malo abwino ndi malo akufa amakhala moyandikana kwambiri, moti pa sofa imodzi amakhalapo ambirimbiri. Wina akatsegula chitseko, kapena akadutsa ndi ndowa ya madzi, malo onsewo amasinthana.

Apa ndinayamba kuilemekeza mphuno ya mwana wanga.

Kenako mphwanga anapita kukaona rautayo, n'kufunsa kuti kanyanga kachiwiri kali kuti. Ndinamuuza kuti chitsirizira chathu chinakathyola chaka chatha pofuna maikolofoni yoimbira kwaya. Anagwira mutu. Akuti tinyanga amaika tiwiri motalikirana dala, kuti kamodzi kakagwera pa malo akufa kanzake kakhale pabwino. Ine ndinkaganiza kuti kachiwiriko ndi kokongoletsa. Anati ndigule rauta ina. Ndinamukumbutsa kuti tinali pakati pa mwezi, ndipo malipiro a mphunzitsi pakati pa mwezi amakhala ataikidwa kale m'manda.

"Ndiye njira yatsala ndi eriyo yoloza mbali imodzi," anatero. "Kanyanga kanuka ndi koloboyi, kamawalitsa paliponse pang'onopang'ono. Tikufuna tochi."

Anafotokoza kuti eriyo yotere siwonjezera mphamvu ya rauta ngakhale pang'ono. Imangotola mphamvu imene imatayikira kumbuyo ndi m'mbali n'kuikankhira kutsogolo, ndipo pomvera imamvanso bwino zochokera kutsogolo kokha. Ubwino wake m'nyumba ndi pawiri. Funde lolunjika limafika lamphamvu, komanso aja onjanja pa denga ndi pa firiji amachepa mphamvu, moti sathanso kulifafaniza lolunjikalo. Malo akufa aja amasanduka malo ofooka pang'ono chabe. Anandiuza za eriyo ya timitengo tachitsulo tondandalika imene timaiona pa madenga a anthu oonera wailesi ya kanema, kuti anaitulukira ndi Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi ku Japan mu 1926. Anandiuzanso kuti Heinrich Hertz, mwini dzina la GHz lija, mu 1888 ankaloza mafunde ake pogwiritsa ntchito lata la zinki lopinda. Mawu oti lata ndinawasunga pamtima. Chitsulo chikaikidwa kuseri kwa kanyanga pa mtunda wa gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, omwe ndi masentimita 3 ndi pang'ono, funde lobwerera limagwirizana ndi lopita kutsogolo. Iye anati katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira la aluminiyamu ndi yokwanira.

Ali pakhomo kutsanzika anatembenuka. "Koma amalume, mudziwe kuti mukatero mwatseka njira zina zonse zija. Yatsala imodzi, ya m'kolido. Wina akaima pakati, basi."

Ndinamuseka. Ndani angaime m'kolido anthu ali pa msonkhano wa banja?

Za katonizo sizinandikhalire bwino. Alendo aulemu, eni mbumba ali pomwepo, ine n'kumaonetsa katoni ya sopo? Madzulo a Lachisanu ndinalowa m'kachipinda kaja kukaganiza, ndipo pakona, kuseri kwa thumba la mpunga, ndinaona sefuliya yaikulu ya aluminiyamu. Yokhuthala, yakuya, yopukutidwa mpaka kunyezimira. Sindinaionepo, koma mayi a kunyumba ali ndi ziwiya zambiri zimene amangozisunga kudikira tsiku limene silifika. Ndinaganiza kuti ngati Hertz anachita zazikulu ndi lata wamba, ine ndi chiwiya chotere ndikhoza kumveka mpaka ku Namwera.

Ndinadikira kuti onse agone. Ndinatenga rula ya kusukulu, n'kuyeza masentimita 3 kuchokera pansi pa sefuliyayo, n'kulemba chizindikiro m'mbali ndi choko. Msomali wa mainchesi 6, hamala, nsanza yokulunga kuti phokoso lisamveke. Aluminiyamu wakale ndi wolimba, abale. Ndinakulitsa bowolo ndi mpeni mpaka kanyanga kanalowa bwinobwino. Ndinagoneka sefuliyayo cham'mbali pamwamba pa rauta, kanyanga kali njo m'kati, kukamwa kwake kutaloza m'kolido, n'kuichirikiza ndi mabuku a ana awiri kuti isagubuduzike. Pomaliza ndinaiphimba ndi chitenje chakale kuopa fumbi, komanso mafunso. Nsalu mafunde amadutsa, zimenezo ndinafunsiratu.

Ndiyenera kunena zoona: zinagwira. Ndinayenda ndi foni pa sofa yonse, kumanzere, pakati, kumanja, nambala ili pa -55, kusuntha pang'ono -57, kubwerera -55. Ndinatsegula chitseko cha kukhitchini, ndinachitseka, osasintha. Kuchipinda chogona WiFi inali itatheratu, ndipo kukhitchini kunalibe ngakhale fungo lake, koma kumeneko kunalibe msonkhano. Ndinagona tulo ta munthu wofunika.

Alendo anafika Loweruka m'mawa, dzuwa litayamba kale kuwawa. Anatsikira pa depoti, n'kubwera pa makabaza motsatizana, azakhali akukangana ndi wowapalasa za mtengo kuyambira pa wotchi ya Queen Victoria mpaka pakhomo. Titapatsana moni ndi kumwa thobwa, tinakhala monga mwa mwambo. Amalume eni mbumba pakati pa sofa ndi chipewa chawo chachikulu chimene savula, amuna ena m'mbali mwawo, ine pa kampando pafupi ndi laputopu, imene ndinaiika pa tebulo molunjikana ndi khomo la kolido. Mphwanga anakhala pansi cha pawindo.

Tsono apa ndi pamene sayansi inakumana ndi chikhalidwe. Ine ndi apongozi aakazi timalemekezana mwachikale. Sitikhala moyang'anizana, sitidyera limodzi, ndipo mawu athu amadzera mwa munthu wina ngakhale tili m'chipinda chimodzi. Choncho iwo sanalowe pabalaza. Anayala mkeka pa khomo lenileni la kolido, n'kukhala pamenepo, amayi ena onse atandandalika kumbuyo kwawo mpaka kukafika ku kachipinda ka chimanga. Mtima unagunda kamodzi, koma nditayang'ana foni nambala inali bwino. Shelefu ya rauta ndi yofika pachifuwa cha munthu woimirira, ndiye mafunde ankadutsa pamwamba pa mipango ya amayi okhala pansi.

Tinaimba. Alamu anatulukira pa laputopu ngati ali m'nyumba momwemo, ndevu iliyonse ikuoneka payokha. Amalume anawerama, n'kuyang'ana kuseri kwa laputopuyo, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Akamwini, apa mwagwira ntchito."

Ndinayankha kuti ndi zazing'ono. M'kati ndinali nditayamba kale kulemba zokalankhula kwa aphunzitsi anzanga Lolemba.

Moni anatenga nthawi yake. Alamu anafunsa za mvula, za mbuzi, za usodzi ku Malombe, za odwala mudzi wonse mmodzimmodzi. Kenako anati, "Nanga amayi ali kuti? Ndikufuna aone mlendo." Anatambasula dzanja, n'kukokera pafupi mtsikana wooneka wamanyazi, atavala chitenje ndi mpango, maso ali pansi.

Pa mkeka paja apongozi ankangoona msana wa sofa ndi chipewa cha amalume. Ndiye anaimirira.

Apongozi anga Mulungu anawadalitsa ndi thupi, ndipo khomo la kolido yathu ndi lopapatiza. Atangoima, amayi ena onse kumbuyo anaimanso kuti asuzumire, wina ndi mwana kumsana. Pa laputopu alamu anauma. Kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka, dzanja lili paphewa pa mtsikana uja. Mawu anatsala akuti "Ama... ma... ma..." kenako zii.

"Mwana wanga!" anaitana apongozi. "Ndine mayi ako!"

Alamu ali chiyasamire.

Anadikira, anaitananso, kenako anatopa n'kukhala pansi, gulu lonse n'kukhala nawo. Nthawi yomweyo alamu anatsitsimuka: "...ndiye mwamuona bwanji, amayi?"

"Wayamba kuyenda!" anakuwa azakhali. Apongozi anadzambatuka. Alamu anauma, ulendo uno lilime lili panja pang'ono.

Zinapitirira choncho. Akakhala pansi, mwana wawo ankalankhula, kuseka, kufunsa chifukwa chake mayi ake sakumuyankha. Akaima kuti amuone, ankasanduka chithunzi. Amuna a pa sofa anamuona mtsikanayo bwinobwino, anamufunsa kwawo, iye anayankha mwaulemu, koma mwini mwana sanaone chilichonse choyenda. Ine thukuta linali likutsika mpaka m'masokosi, ndipo sikunali kutentha kwa Mangochi kokha. Ndinayang'ana mphwanga. Iye anayang'ana kudenga.

Mayi a kunyumba anadutsa ndi jagi ya madzi, ndinawakoka chitenje.

"Auzeni amayi asamaime pakhomopo," ndinanong'ona.

"Chifukwa?"

"Akutchinga."

"Akutchinga chiyani?"

"Netiweki."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu bambo, mukufuna ndikawauze mayi anga, pamaso pa anthu, kuti anenepa mpaka atseka Joni? Auzeni nokha."

Ndinayesa kudzera kwa amalume. Ndinati mwina amayi akanalowa n'kukhala pa mpando wangawu, kuti aone bwino. Amalume anapereka uthengawo, ngakhale apongozi anali ataumva kale. Yankho linabwera lodzeranso kwa amalume: "Auzeni akamwini kuti zikomo, koma ine ndinaleredwa." Ndinati ndiwapititsire laputopuyo pa mkeka, koma batire lake linafa kalekale, ikachoka pa magetsi imazima, ndipo chingwe chake ndi chachifupi. Ndinaikokera chakumbali mmene chingwe chinalolera, kuti aione ali chikhalire. Kumeneko kunali kunja kwa njira ya mafunde, ndiye alamu anauma kwa aliyense, okhala ndi oima omwe. Ndinaibweza msanga.

Apongozi anakhala chete kanthawi, kenako analankhula motsitsa, mawu a munthu amene wafika pa mfundo.

"Achimwene, ine ndaona. Mwana wanga amalankhula ndi aliyense. Ndikangomuyang'ana ine mayi wake, akuuma. Ndipo nthawi zonse akuuma dzanja lili pa mkaziyo. Amene uja wamudyetsa."

Amayi a m'kolido anavomera ndi "mmm" wautali. Azakhali anati anaona kale kuti maso oyang'ana pansi aja si a ulemu. Ndipo popeza apongozi ankalankhula ali chikhalire, mawu onsewo anafika ku Johannesburg osataya ngakhale limodzi. Ndinaona mtsikana uja akugwira pakamwa.

Mphwanga analephera kupirira. Mwana wa sukulu sadziwa kuti choonadi chili ndi nthawi yake.

"Agogo, pepani, vuto si mlendoyo. Thupi la munthu, magawo pafupifupi 60 pa 100 ndi madzi, ndipo madzi amamwa mafunde a WiFi. Ndiye inuyo mukaima pakhomopo..."

M'nyumba munagwa bata loti ntchentche inamveka.

"Mwana ameneyu akuti ndine chiyani?"

"Akuti ndinu madzi," anathandiza azakhali. "Madzi ambiri."

Amalume analoza khomo lakunja ndi chipewa, mphwanga anatuluka. Mboni yanga yokhayo inakakhala pansi pa mtengo wa mango.

Pofuna kuziziritsa zinthu, mayi aang'ono anati nthawi yatha, ayambe kuphika mpunga. Anafunsa mokweza kuchokera m'kolido: "Kodi sefuliya ya achemwali imene tinatsogoza ndi mpunga ija munaiika pati?"

"Ili m'chipinda cha chimanga, pakona," anayankha mayi a kunyumba.

M'mimba mwanga munatembenuka. Ndinaimirira kuti ndithamangireko, koma njira yopita ku kachipindako ndi imodzi, ndipo pa njirayo panali apongozi. Mafunde ankalephera kudutsa pamenepo, nanji mkamwini. Ndinangoima n'kumamvetsera. Thumba likukokedwa. "Pakona palibe." Kenako, "Nanga ichi chophimbidwachi?" Nsalu ikusololoka, mabuku akugwa, chitsulo chikukhula pa pulasitiki. "Ii, ana a m'nyumba muno! Mpaka kuvindikira wailesi ndi sefuliya!"

Pa laputopu timizere ta WiFi tinatsika n'kutsala tiwiri. Nkhope ya alamu inachita chimbuuzi, ndevu zija zinasanduka mthunzi. Koma inkayenda. Apongozi anaimirira kuti apereke njira kwa mayi aang'ono, n'kukhalabe chiimire pakhomo, ndipo alamu anapitiriza kuyenda, kuphethira, kulankhula. Mafunde anali atabwerera ku njira zawo zakale, kukwera kudenga, kunjanja pa malata, kudumpha khoma n'kutsikira pa tebulo, ofooka koma osafunanso chilolezo cha munthu woima pakhomo.

Tsoka lake, mtsikana uja anali atangochoka kumene pa vidiyo kukalira.

"Mwaona!" apongozi anaomba m'manja. "Mwaona nonse! Wachoka mkaziyo, mwana wanga wamasuka! Mwana wanga, ukundiona? Thawa!"

Alamu anayamba kufotokoza, apongozi anayamba kulira, azakhali anayamba kutchula dzina la sing'anga wina wa kutsidya kwa Shire. Phokoso lonselo linadulidwa ndi mawu ochokera panja, kumene amaphikira pa mafuwa. Poyamba kunamveka "tsiiii" wa madzi ogwera pa moto, kenako utsi unalowa pawindo, kenako mayi aang'ono anatulukira pa khomo lakumaso atanyamula sefuliya ija. M'mbali mwake madzi ankatuluka mwa kamzere kokongola, kopindika bwino, n'kumagwera pa simenti yanga. Chiwiya chimene chinkaphika mpunga wa mudzi wonse tsopano chinkasunga madzi a masentimita 3. Pambali pa bowolo choko changa chinkaonekabe.

Ndipo pa nthawi yomwe ndinkapempha kuti netiweki ife, kapena magetsi azime monga amachitira masiku ena onse, zonse zinagwira bwino. Alamu anayandikira kamera.

"Kodi imeneyo si sefuliya ya abambo?"

Inali ya abambo. Malemu apongozi aamuna anabwera nayo kuchokera ku migodi nthawi ya Theba, ataisenza pamodzi ndi bulangete ndi wailesi. Inaphika pa ukwati wanga womwe. Inaphika pa maliro a eni akewo. Mudzi wonse ukakhala ndi zochitika umakabwereka kwa apongozi, ndipo amaibweza ndi nkhuku. Zonsezi ndinauzidwa ndi anthu anayi nthawi imodzi.

Msonkhano woona mkazi unasanduka bwalo la milandu, amalume ali woweruza, alamu akumvetsera kuchokera ku Joni pa bandulo yanga. Ndinapempha kuti mphwanga aitanidwe. Tinafotokoza zonse, za masentimita 12.5, za malata, za Hertz. Amalume anafunsa ngati Hertz ameneyo anaboola sefuliya ya apongozi ake. Mphwanga anati mabuku sanena. Kenako amalume, amene ndi munthu wachilungamo, anati tiyese pamaso pa onse. Tinapukuta sefuliyayo, ndinaibwezera pa rauta amayi onse akundiyang'ana, ndipo alamu anauzidwa kuti akhale okha pa vidiyo, mtsikana atuluke panja. Apongozi anapemphedwa mwaulemu wonse kuti aime. Alamu anauma. Anakhala pansi, alamu anayenda. Tinachotsa sefuliya, mtsikana anaitanidwa, maso ali ofiira, dzanja la alamu lili paphewa pake. Apongozi anaima. Onse awiri ankayenda, mwachimbuuzi koma ankayenda.

Ine ndinaona kuti sayansi yapambana, ndipo ndinatsala pang'ono kumwetulira.

Apongozi anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. Anamufunsa ngati amadziwa kuphika chambo osachiphwanya, iye anati amadziwa. Anamuuza kuti apukute misozi, palibe mlandu. Kenako anatembenukira kwa amalume.

"Achimwene, mwanayu ndi wosalakwa, ndamuona. Mankhwala anali m'sefuliya. Auzeni akamwini kuti tawadziwa amene anaika."

Chigamulo chinali chakuti ndigule sefuliya yatsopano ya msinkhu womwewo, yakaleyo ndikaimatitse chifukwa ndi ya malemu, ndiponso ndipereke tambala wopepesera mawu oti madzi, ngakhale sindine ndinawanena. Amalume anati mwana wa mlongo wako akalakwa, mlandu ndi wa malume wake, ndipo pamenepo sindikanatsutsa poti iwonso anakhala pa sofa yanga chifukwa cha lamulo lomwelo. Mpunga unaphikidwa m'timapoto tating'ono mosinthanasinthana, moti omaliza anadya dzuwa likulowa. Alamu asanadule foni anandiuza kuti kanyanga ka rauta ku Joni n'kotchipa, akanatumiza ndikananena. Mphwanga anadzakapezanso pa msika wathu womwewu, pa benchi ya wokonza mafoni, mtengo wake wosafika theka la mtengo wa tambala wopepesera uja.

Malipiro atatuluka ndinanyamula sefuliya ya malemu m'thumba la saka kupita nayo kwa okhoma zidebe kumsika. Ndinasankha mkulu wina wa kumapeto kwa mzere, poganiza kuti kumeneko nkhani sinafike. Anaitulutsa m'thumba, anaitembenuza, anaika chala pa bowolo, n'kuyamikira kuti ndi lozungulira bwino.

"Ndinu aphunzitsi aja a netiweki?"

Ndinati ndine.

Anaitana anzake a mabenchi oyandikana kuti adzandione. Wina anati sabata yomweyo kunabwera anyamata awiri a kabaza ndi mapoto a akazi awo kufuna mabowo a masentimita 3. Titagwirizana mtengo womatira, ndinaloza sefuliya yatsopano yaikulu imene inali pa mulu, n'kufunsa kuti ndi zingati. Mkuluyo anaitsitsa, anaigogoda ndi chala kuti ndimve kulimba kwake, n'kutenga msomali pa benchi.

"Imeneyi ndikuboolerenitu pompano, aphunzitsi, kapena mukaboola nokha usiku?"